Anandisudzula Chimanga Chili M'munda

Khalani pansi, ana inu. Nonse. Iwe Tadala, foniyo ika m'thumba, siithawa. Lameki, usabisale kumbuyo kwa azing'ono ako. Sendera kuno ndizikuona nkhope.

Sindine munthu wa nkhani zambiri, mukundidziwa. Sukulu ndinalekera panjira, ndipo pakamwa panga sipanaphunzire kukometsa mawu. Koma lero ndiyankhula, chifukwa mwandiputa.

Dzulo munakhala pansi pa bwemba apo kukambirana za bambo a Mphatso. Ine ndinali pakhonde pano ndikusema mpini. Mumayesa ndine gonthi. Khutu lakumanzere ndiye linafa. Lakumanjali limamva ngakhale khoswe akamayenda m'nkhokwe. Ndinamva zonse.

M'bale wanu Edina tinamuika m'manda mvula isanagwe. Wasiya mwamuna wake ndi ana awiri, Mphatso ndi kamng'ono kake koyamwa chala kaja. Tsopano mwapangana kuti Loweruka, pomusudzula mwamunayo, mumuuzenso kuti amange zake abwerere kwawo ku Mtakataka. Ana atsale. Mpunga wa ku Bwanje utsale. Iye yekha ndiye apite.

Zimenezo zokha zinali zokwanira kundikwiyitsa. Koma iwe Lameki unawonjeza. Unati, "Agogo nawonso anawasudzula n'kuwachotsa pamudzi, koma taonani mmene Mulungu anawadalitsira. Zimenezi ndi njira za Mulungu. Alamuwa akapita, Mulungu akawaonanso komweko."

Mpini unandipulumuka m'manja.

Iweyo, amene umawerenga mawu kutsogolo kwa tchalitchi, tayi wako wofiira uja ali lende ngati lilime la galu wotopa. Watenga moyo wanga n'kuusandutsa chikoti chokwapulira mnzako, dzina la Mulungu n'kuvundikira pamwamba. Nkhani yangayo mumaidziwa mbali yozuna yokha. Lero mumva ndi yowawa yomwe.

Ine ndinakwatira m'mudzi wina kumtunda kwa Mua, m'tsinde mwa phiri. Chikamwini. Ndinapita ndi khasu, nkhwangwa ndi mphasa. Masiku amenewo kunalibe zanu za njinga zamotozi, zoti munthu wa miyendo iwiri yabwinobwino akwezedwe pokagula mchere. Tinkayenda pansi kutsata njanji. Sitima ikamabwera unkayamba kuimva m'mapazi isanaoneke.

Agogo anu aakazi, a Nankhoma, simunawaone. Anali aafupi, oseka msanga. Ine ndinali wouma chonchi kuyambira kale, ndiye iwo ankaseka m'malo mwa tonse awiri. Makolo awo anatiloza malo m'mbali mwa mtsinje. Linali bango ndi zitsa zokhazokha. Ndinaswa mphanje ndekha. Makasu ake sanali timalata tanu ta kugolosale, tongopindika tikakumana ndi mwala. Linali khasu losula, lolemera, loti ukaliponya dothi linkamvera. Ndinazula zitsa mpaka zikhatho kung'ambika. Patapita zaka mundawo unali wosiririka. Dothi lakuda, chinyontho chosatha. Chimanga, maungu, nzimbe kumunsi, nthochi m'malire.

Mulungu anatipatsa ana atatu. Agnesi, mayi anuwa. Petulo, atsibweni anu a ku Lilongwe aja obwera ndi buledi mmodzi pa Khirisimasi. Ndi wotsiriza, Lusiya.

Mwayang'anana. Lusiya simukumudziwa. N'chifukwa chake ndakuitanani.

A Nankhoma anadwala nyengo yotentha, minda titasosa kale. Unayamba mutu, kenako thupi lonse. Tinawanyamula pa machira kupita nawo kuchipatala. Tinabwerera nawo pa machira omwewo atawafunditsa kumutu. Lusiya n'kuti atangoyamba kuyenda.

Mvula inagwa, siidikira wolira. Ndinabzala. Lusiya ndinkamubereka kumsana ndi nsalu ya mayi ake. Amuna anzanga ankaseka podutsa, amvekere, "Achimwene, mwangotsala pang'ono kuyamwitsa!" Ndinkawasiya. Ndinapalira, ndinabandira. Mayi anu anali kamtsikana, mtsuko wa madzi unkawaposa mutu, koma ankatunga. Nthawi yonseyo abale a mkazi wanga anali chete. Palibe anatchula za mwambo. Chimanga chitabereka, chete. Titayamba kuotcha mondokwa, ankabwera kudzadya nafe. Chitauma, chitangotsala kukolola, m'pamene anakumbukira kuti pali mkamwini wosasudzulidwa.

Apa mumvetse bwino. Kusudzula si koipa. Makolo anaika mwambo umenewu kuti wotsalayo amasuke, asakhale womangika kwa wakufa, akafuna kukwatiranso akwatire popanda mlandu. N'kumasula munthu, si kumupirikitsa. Mkamwini wosunga bwino ana ankamuuza kuti, "Mwamasuka, koma ngati mtima ukufuna khalani, mulere ana anu." Ndinaziona kwa ena ndi maso angawa.

Kwa ine sizinatero. Panali mlamu wanga Sitefano, mlongo wawo wa agogo anuwo. Munda wake unali kumtunda, pa miyala. Ankakonda kudzera m'munda mwanga ngakhale njira yake sinali imeneyo. Ankaima, manja kumbuyo, amvekere, "Alamu, koma chimangachi!"

Tsiku lake anandikhazika pabwalo m'mawa. Ankhoswe anayankhula zawo n'kumaliza. Kenako Sitefano anakhosomola.

"Alamu, takumasulani. Mlongo wathu munamusunga bwino, tilibe nanu chifukwa. Njira ndi yoyera tsopano, mukaone abale kwanu."

Ndinati, "Nanga ana?"

"Ana ndi a pano. Inunso mukudziwa."

"Chimanga?"

"Chidyetsa ana omwewo."

"Wodyetsa anawo ndine. Ndili moyo."

Anapendeketsa mutu, nkhope ili ngati ya munthu amene wangolandira kumene Ukaristiya. "Alamu, musativute. Si ife tapha mlongo wathu. Mulungu ndiye wafuna kuti zikhale chonchi. Ife anthu tingatani?"

Wamva, Lameki? Mawu ako a dzulo amenewo. Ngakhale kapendeketsedwe ka mutu n'komweko. Ndinayesa Sitefano wadzuka kumanda n'kuvala tayi.

Ndinachoka ndi khasu, nkhwangwa ndi mphasa, monga ndinabwerera. Mayi anu anandigwira mwendo mpaka azakhali awo anachita kuwakanganula chala chimodzichimodzi. Petulo anathawira m'nthochi. Lusiya anali mtulo. Sindinamudzutse. Nsalu yoberekera ija ndinamufunditsa n'kutuluka.

Mayi anu ali m'nyumba umo. Chiyambire dzulo sanatuluke. Mukuyesa akulira Edina yekha? Akudziwa chimene mwana amaona bambo ake akamazimiririka panjira. Iwo sanganene, ndinu ana awo, amakuopani masiku ano poti ndinu ophunzira. Ine sindikuopani.

Ndinatsikira kuno kwa atsibweni anga. Anandiloza malo ano. Musaone mudzi lero. Panali minga, mchenga, mlambe uwo ndi nkhanga. Kutentha kwake koti nkhuku zinkayenda kukamwa kuli yasa. Chaka choyamba ndinabzala chimanga, poti n'chimene ndinkadziwa. Chinafika m'maondo n'kuyamba kufiira.

Ana ndinkapita kukawaona, nditanyamula usipa. Ankandiyalira mphasa ngati mlendo, pakhomo pa nyumba yomanga ndekha. Pobwerera Lusiya ankalira mpaka kukomoka. Sitefano anati, "Alamu, muzibwera patalipatali. Mukuwasokoneza anawa."

Kutchalitchi sindinasiye. Koma ndinkakhala kumbuyo, pakamwa potseka. Anzanga akamaimba zoti Mulungu ndi wabwino, ine ndinkayang'ana mitengo ya denga. Mapemphero anga ndinkapempherera m'munda, ndipo sanali aulemu ayi. Ndinkati, "Mwatenga mkazi. Mwalola anditengere ana. Mwandiponya pa mchenga. Chatsala n'chiyani chimene mukufuna?" Sanandiyankhe. Masiku ano kuli aneneri oti Mulungu amawayankha ngati pa foni, tsiku lililonse, mpaka kuwauza mtundu wa galimoto. Ine ndinafuula zaka, ndinangomva njiwa.

Panali msodzi wina, Msilamu, dzina lake Che Saidi. Ankadutsa apa ndi dengu la nsomba zouma kuchokera kunyanja kupita ku Golomoti. Tsiku lina anatula dengu, n'kuyang'ana chimanga changa chofiiracho. Anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Achimwene, mchenga uwu ukupempha chinangwa, inu mukuukakamiza chimanga. Mukulimbana ndi Mwini dothi?"

Ndinati, "Ndikulimbana naye kumene."

Anasiya kuseka. "Ameneyo simungamugwetse. Koma bola mukumugwirabe."

Ulendo wotsatira anabwera ndi mtolo wa mitengo ya chinangwa pamwamba pa dengu. Ndinati ndilibe chomupatsa. Anati, "Wakupemphani ndani?" Anasenza dengu lake n'kumapita.

Ife a kumtunda chinangwa tinkachinyoza. Tinkati n'chakudya cha anthu a kunyanja. Kondowole amene iwe Tadala umamukwinyira mphuno uja, nanenso ndinkamukwinyira. Koma ndinabzala. Chinagwira. Chitakula ndinadula mitengo yake n'kubzalanso patsogolo. Chaka chinacho chimodzimodzi. Kuyambira pa mlambe uwo mpaka pamene pali mjigo lero, chinali chinangwa chokhachokha. China cha manyokola, chodya chachiwisi, china chowawa choviika. Anthu ankati, "Munthu mmodzi, chinangwa cha mudzi wonse. Maliro amupengetsa."

Sankanama kwenikweni. Ndinkalima chifukwa ndikakhala pansi ndinkamva Lusiya akulira. Khasu likamalira m'dothi m'pamene kulirako kunkazima. Musadzauze ana anu kuti agogo analota maloto, kapena anaona masomphenya a njala ikubwera. Sindinaone kalikonse. Sindinkaganizira munthu aliyense. Ndinali ndi mkwiyo ndi khasu, basi.

Patapita zaka zingapo kunabwera chaka chija. Mvula inakhuthuka kumapiri osalekeza, mpaka napolo anatsika. Inu mumati napolo n'chigumula wamba. Simunamuone. Ndi madzi osakanikirana ndi miyala yaikulu ngati nyumba, mitengo yathunthu ili chiimire, phokoso lake lomveka mpaka kuno. Mtsinje unasiya njira yake n'kudzera pakati pa munda wanga uja. Dothi lakuda lonse linapita. Panatsala mchenga ndi miyala. Nkhokwe za m'mudzimo zinapita ndi madzi. Zitatha izo mvula inadula, kumwamba kuli mbee, chimanga chotsala chinapserera paliponse, kumtunda ndi kuno komwe.

Njala imene inatsatira simungaimvetse, inu amene mumati muli ndi njala tiyi akachedwa. Anthu anadya madeya. Anaphika mango osakhwima. Ena ankalowa m'madambo kukazula mizu ya nyika, ng'ona zili momwemo. Malambe awa, amene mumaponyerana posewera, anali chakudya cha tsiku lonse.

Nditamva za napolo ndinasenza thumba la makaka, chinangwa chouma chija, n'kukwera. Ana ndinawapeza amoyo, koma owonda. Ndinamuuza Sitefano kuti, "Alamu, ndipatseni anawa. Kwathu kuli chakudya. Njala ikatha mudzawatenge."

Anati, "Ana a pano sachoka. Anthu adzati chiyani, kuti talephera kusunga mbumba? Mulungu atithandiza."

"Wakuthandizani kale. Chinangwa chili m'munda."

"Alamu, takumvani. Siyani thumbalo."

Thumba limodzi pa mudzi wanjala. Sindikudziwa kuti ana anga analawako zingati. Ndinabwerera kudzakumba china. Chinangwa sichiuma tsiku limodzi. Ndinasenda, ndinayanika pa thandala, ndikuti chikauma ndikwerenso.

Sindinakwere. Anatsika ndi iwo.

Linali dzuwa la paliwombo, ndili m'munda. Ndinaona anthu akuchokera kunjanji, akuyenda ngati akuwoloka madzi. Kutsogolo munthu wamkulu, buluku atamanga ndi luzi kuti lisagwe. Ndinachita kumuzindikira ndi mayendedwe. Sitefano. Kumbuyo kwake ana awiri. Ndinayang'ana kumsana kwake. Panalibe. Ndinayang'ana kunjira. Kunalibe.

"Lusiya ali kuti?"

Anayang'ana pansi.

"Ndikufunsa. Mwana wanga ali kuti?"

"Anatupa miyendo, alamu. Kenako kutsegula m'mimba. Sanachedwe. Tinaika."

"Osanditumira mthenga?"

"Panalibe wa mphamvu zoyenda." Kenako, pang'onopang'ono, mutu unayamba kupendekeka. "Mulungu ndiye..."

Khasu linali m'manja mwanga. Losula lija. Linakwera lokha. Sitefano sanathawe, analibe mphamvu zake. Anangotsinzina.

Pamenepo mayi anu, milomo itang'ambikang'ambika, anati, "Ababa, njala."

Khasu linatsika. Linagwera pa mzere, patsinde pa chinangwa. Dothi linang'ambika, panatuluka mizu yonenepa ngati mkono wangawu. Manyokola. Ndinasenda ndi mano, n'kupatsa Agnesi, n'kupatsa Petulo. Anayamba kutafuna. Sitefano anali chiimire, maso ali pa makoko amene ndinalavula. Anawerama kuti atole khoko.

Ndinathyola muzu wina n'kumuponyera.

Musati agogo anali woyera mtima. Sindinamukhululukire tsiku limenelo. Zinanditengera zaka. Koma munthu sungamuonerere akudya makoko m'munda mwako.

Ana akudya, ine ndinaimirira n'kuyang'ana mundawo. Mizere mpaka kumene maso amalekezera. Ndinadzifunsa kuti, kodi chinangwa chonsechi ndinkabzalira yani? Ine ndinkayesa ndikukangana ndi Mulungu. Nthawi yonseyo ndinali pa ganyu yake.

Sabata isanathe Sitefano anakatenga mkazi wake ndi ana ake. Ena anatsatira. Amene anakhala chete pabwalo tsiku londichotsa, anabwera ndi malichero. Che Saidi naye anabwera ndi banja lake, poti kunyanja nsomba zinalipo koma ufa kunalibe. Anati, "Achimwene, mtolo wanga uja wabereka." Tinakumba, tinaviika, tinasinja. Ntapasha wa masamba ake ndiye ndiwo. Chinatifikitsa mpaka mvula ina. Ambiri sanabwererenso kumtunda. Mudzi uno unayamba choncho. Za kuti ana ndi a kuti, palibe anazitchulanso.

Mbali imeneyi ndi imene mumaikonda. Mumaifotokoza m'mphakati, anthu n'kumaomba m'manja. Lusiya mumamudumpha. Mwina mayi anu sanakuuzeni, ndipo ine dzinali limandilemera pakamwa. Koma nkhani yopanda Lusiya ndi yabodza.

Tsopano ndikuuzeni chimene ndikudziwa. N'chochepa.

Mulungu amalamulira. Zimenezo ndimazikhulupirira kuposa nonsenu kuphatikiza pamodzi. Mvula ndi yake. Napolo sadutsa pamene Iye sanalole. Sitefano sanamudzidzimutse Mulungu. Mulunguyo anatenga umbombo wa munthu, mkwiyo wanga, mtolo wa Msilamu ndi mchenga wokanidwa ndi aliyense, n'kupangamo chakudya cha mudzi. Ndani akanazilumikiza zimenezo? Ine ayi. Ndinalibe nzeru zake, ngakhale mtima wake.

Koma Mulungu akatulutsa chabwino m'choipa, choipacho sichisanduka chabwino. Ambuye anawakhomera pamtanda, ife tinapulumuka nazo. Ndiye tiziimbira nyimbo okhoma misomali aja? Tiwauze kuti akapeza wina amukhomenso, poti Mulungu amadziwa kukonza? Iwe wowerenga mawu, yankha. Wakhala chete bwanji? Pa guwa paja sukhala chete.

Za Lusiya sindikudziwa chifukwa chake. Ndakalamba ndikufunsa. Akanapanda kundichotsa, mwina napolo akanandipeza m'munda muja. Mwina tonse tikanafa ndi njala kumtunda. Mwinanso mwana wanga bwenzi lero ali gogo, akukukalipirani m'malo mwanga. Sindidziwa. Inunso simudziwa. Munthu wina anabwera kudzandipepesa, amvekere Mulungu anafuna duwa lokongola m'munda mwake. Ndinamutulutsa pakhomo. Mwana wanga anafa ndi njala chakudya chili kwa bambo ake. Zimenezo si maluwa. Chimene ndimagwira n'chakuti ali m'manja mwa Mulungu, manja omwewo amene anasunga chinangwa chija. Sindiwamvetsa manja amenewo. Koma ndilibe kwina koika mwana wanga.

Sitefano anafera m'mudzi muno, nyumba yake inali pamene pali khola la mbuzi za a Tadala. Akudwala anandiitanitsa. Ndinakhala pambali pa mphasa yake. Kenako anati, "Alamu, ndinkafuna munda."

Ndinati, "Ndinkadziwa."

"Mulungu ndinangomunamizira."

"Nayenso ankadziwa."

Anaseka pang'ono, n'kuyamba kulira. Ndinamugwira dzanja. Manda ake ndinakumba nawo.

Munthu uja zinamutengera moyo wonse kuti anene mawu amenewo. Iwe Lameki ndikufuna ndikufupikitsire ulendo.

Ukuti chiyani? Kweza mawu, wayankhulira khutu lakufa. Ukuti ndi mwambo? Mwambo unali kuti pamene bambo a Mphatso ankawokera mbande yekha m'matope, mwana ali kumsana, misundu ikumuyamwa miyendo? Ndinamuona ine. Ndinachita kupempha ngolo ya ng'ombe kuti indifikitse ku Bwanje, ndinamupeza atawerama, kamwanako kakugona mutu uli lende padzuwa. Inu munali kuti? Pa Golomoti, kuonera mpira m'kanyumba ka kanema. Anapalira yekha. Madzi ankakatsegulira yekha. Mphatso wajomba kusukulu kuingitsa mbalame. Nthawi yonseyo mwambo unali mtulo. Lero mpunga wacha, wawerama, fungo lake lafika kuno, mwambo wadzuka.

Njinga yamoto ija umakaiyang'ana pa sitolo, ukuyesa sindinamve? Wakhala ukuuza anzako kuti ukakolola uyamba kabaza. Ukakolola chiyani? Unabzala chiyani? Ukufuna mpunga, nena kuti ndikufuna mpunga. Tikukanize bwinobwino ngati anthu. Mulungu musiye.

Ukuti ana ndi a mbumba yathu? Palibe wakana. Ndi anu. Ndiwe mtsibweni wawo. Utsibweniwo uyambe ndi sopo, uyambe ndi yunifolomu ya Mphatso yong'ambika kumatako ija. Usayambe ndi kuwalanda bambo.

Tadala, usaseke. Nawenso unavomereza dzulo. Unati, "Zoonadi, Mulungu ali ndi cholinga." Cholinga ali nacho, inde. Sanakutume kuti ukamuthandize ndi nkhanza. Mawa udzakwatiwa, mwamuna wako adzamanga pano. Ukadzatsogola iwe, ukufuna adzamutero?

Zobisika za Mulungu sindizidziwa. Chifukwa chimene watengera Edina, mtsikana wamphamvu, n'kusiya chitsa ngati ine, sindikudziwa. Ndamufunsa kale, mwaukali womwe uja, ndipo sanandiyankhe. Ndidikira. Koma chimene chili poyera ndikuchiona. Kwa ana aja Mulungu watenga mayi. Bambo wawasiyira. Akanafuna kutenga onse akanatenga, sakanasowa thandizo lanu. Ndiye inu ndinu ndani kuti mukamalize chimene Iye wasiya?

Mukamuchotsa, mwina Mulungu akamudalitsadi ku Mtakatakako. Amatha. Ndine mboni. Koma mudzadziwa bwanji kuti mwa ana awiri aja, Lusiya ndi uti?

Loweruka mwambo uchitika. Ankhoswe abwere, thobwa liphikidwe. Timumasula mwamunayo monga makolo anafunira. Akadzafuna kukwatira adzakwatire. Kenako mawu otsatira ndidzayankhula ndine, poti malo ano ndinaswa ndine, ndi khasu limene lili kuseri kwa chitseko icho. Ndidzati, "Khalani, mulere ana anu." Amene ali ndi mawu ena adzayambe wanyamula ine n'kukanditula kunjanji.

Tsopano tembenukani. Mukuiona njinga yakapalasa yatsamira nkhokwe iyo? Thumba lili pakaliyalapo mukuliona? Wamanga kale katundu. Mawu anu anamufika dzulo lomwelo. M'mawa uno ndinamuona akumanga, Mphatso atagwira gudumu. Anachita kumukanganula chala chimodzichimodzi, ngati mayi anu.

Bambo a Mphatso! Tulukani kuseri kwa nkhokweko, ndakuonani kalekale. Bwerani kuno. Ayi, thumbalo musaligwire.

Lameki, dzuka. Kamasule ndiwe. Ndi manja ako, mfundo iliyonse. Ukalowetse m'nyumba mwawo, ukaike pamene linali. Ukatero ukatenge chikwakwa, mbalame zikutha mpunga wa ana a mlongo wako.

Ukuyang'ana chiyani? Misozi ukapukutire konko. Yenda.